Odziwa Chofufuta ndi Chosunga

Ku Magaba, m'dera la Mbare mumzinda wa Harare, kuli malo otchedwa Siyaso kumene nyundo sizigona. Amisiri a kumeneko amatola zitsulo zimene ena anataya n'kusula zitseko, mawilibala, mapoto ndi mafelemu a mawindo. Ku Glen View Area 8 akalipentala amakhoma mabedi, masofa ndi makabati amene amakafika m'nyumba za mzinda wonse. Anthu a m'malokeshoni a Harare akhala akudya thukuta lawo kuyambira kale, ndipo mbiri ya amisiri amenewa inawanda. Koma pali mmisiri wina amene ntchito yake ilibe phokoso, moti munthu angadutse pakhomo pake kangapo osadziwa kuti m'katimo mukuchitika zinthu. Ameneyu ndi wokonza makompyuta. Mungamupeze pa Machipisa ku Highfield, kuseri kwa kashopu kosindikiza mapepala ku Budiriro, kapena pakhonde la nyumba ya makolo ake ku Mufakose, ataweramira tebulo lodzaza ndi mawaya ndi timasikuluwu. Ena ntchitoyi anaiphunzira ku Harare Polytechnic, ena anaidziwa poonera anzawo m'timashopu topanikizana ta ku Gulf Complex m'tauni. Si onse amene ali akatswiri. Koma amene ntchitoyi inamulowa m'magazi ndimagoma naye pa chinthu chimodzi: amadziwa chofunika kufufuta ndi chofunika kusunga, ndipo safufuta kanthu mwini wake asanavomere.

Kompyuta ya banja lonse

Kuti luso lake limveke bwino, tiyambe taona kompyuta imene anthu amatula patebulo pake. Kawirikawiri imakhala laputopu yoti inagwirapo kale ntchito kwina, ya HP, Dell kapena Lenovo, imene mwana wa ku Johannesburg anatumiza pa basi kudzera ku Beitbridge, kapena mlongo wa ku London anabwera nayo pa Khirisimasi. Nyumba imene inalowamo ndi ya zipinda zinayi, mwina chimodzi muli anthu a lendi, ndipo palibe anganene kuti kompyutayo ndi yake yekha. Mwana wa Fomu 4 amafufuzirapo za kusukulu n'kudzaonerapo zotsatira za mayeso a ZIMSEC. Mkulu wake amalembapo makalata ofunsira ntchito. Mayi, amene ndi msungichuma wa bungwe lothandizana pa maliro, amasungamo mayina a amene asonkha ndi amene ali ndi ngongole. Bambo amaonerapo mpira. Mwana wa aneba naye amagogoda madzulo kudzapempha kuti atsegule imelo yake.

Mabanja ambiri a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa mizu yawo ili kwathu. Makolo awo anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ena chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chisanayambe n'komwe, ndipo ambiri anatchona. Ana ndi zidzukulu zawo anavutika zaka zambiri ndi nkhani ya unzika, zitupa zawo zitalembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anavomereza kuti munthu wobadwira m'dzikomo ndi kukhala momwemo, amene kholo lake linachokera m'mayiko a SADC, ndi nzika, ndipo anaika Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka ndi boma. Kwa banja lotere, chithunzi cha setifiketi ya kubadwa kapena cha chitupa chakale cha agogo si chinthu chosewera nacho. M'kompyuta momwemo mulinso zithunzi za maliro a kumudzi ku Dedza kapena ku Mangochi, ndi nyimbo za kwaya ya CCAP zimene anajambula pa msonkhano wa Sinodi ya Harare. Ndiye kompyuta ikakana kuyaka, woibweretsayo amakhala atasenza katundu wa anthu ambiri, mtima uli m'malere.

Khutu patsogolo, dzanja pambuyo

Mmisiri wodziwa ntchito sathamangira kumasula. Amakhazika kaye mwini kompyuta pampando n'kumufunsa. "Amayi, yayamba liti kuvuta? Anaigwira komaliza ndani? Pamene magetsi ankazima inali yoyatsa?" Kenako amafunsa funso limene limasonyeza kuti ntchito amaidziwa: "Muli chiyani muno chimene mungadandaule nacho chitatayika?" Mayankho amawalemba pakapepala n'kukamata pachivundikiro cha laputopuyo.

Akatero amaiyatsa n'kutchera khutu. Fani yolira mopitirira imamuuza kuti m'kati mwatsekeka ndi fumbi. Kulira kwa "bii, bii" sikirini isanaonetse chilichonse kawirikawiri kumaloza ku RAM imene yasuntha kapena yada. Koma akamva kugogoda kwa "ke, ke, ke" kochokera mu hard drive, amachita tsinya. M'kabokosi kameneka muli timbale timene timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake osakhudza. Kugogodako kumasonyeza kuti kamutuko kakulephera kupeza pamene kakufuna, ndipo kupitiriza kuyatsa kukhoza kuwononga zotsalazo. Amazimitsa msanga, n'kuchotsa hard drive ija, n'kuilumikiza ku kompyuta yake, n'kuyamba kukopera. Amatsogoza zimene analemba pakapepala paja: zitupa, kaundula wa bungwe, zithunzi. Mafilimu ndi nyimbo zopezeka kwina kulikonse zimadikira kumapeto.

Dongosolo limeneli, lokopera kaye asanakonze, ndi limene limalekanitsa mmisiri ndi munthu wongofuna ndalama. Waphuma amangoti kompyuta yagwidwa ndi vairasi, n'kuifomata, n'kuikamo Windows ina. Pakutha pa ola limodzi kompyuta ikuthamanga, mwini wake akumwetulira, mpaka akafike kunyumba n'kupeza kuti kaundula wa zaka zambiri wapita. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pantchito iyi wosafunsa amakhala mmisiri, wodya phula n'kukhala kasitomala.

Fumbi ndi kutentha

Kuyambira mu August mphepo imaulutsa fumbi la m'misewu ya m'lokeshoni, ndipo pofika October dzuwa limakhala likuswa mtengo. Fumbilo fani imalikokera m'kati, n'kukaunjikana potulukira mpweya wotentha mpaka mpweyawo kusowa podutsa. Purosesa ikatentha kuyandikira madigiri 100 imadzichepetsera liwiro, ndipo zikapitirira imazimitsa kompyuta yonse kuti isapse. Eni ake amaganiza kuti ndi vairasi, kapena kuti kompyutayo yatha basi.

Apa ndi pamene manja a mmisiri amakoma kuwayang'ana. Amazula chaja, n'kuchotsa batire, n'kugwira kaye chitsulo kuti magetsi a m'thupi mwake asakawononge tizipangizo ta m'kati. Amayala pepala loyera n'kujambulapo kunsi kwa laputopuyo, ndipo sikuluwu iliyonse akaimasula amaiika pamalo pake pa chojambulacho. Masikuluwuwa amasiyana kutalika, ndipo yaitali ikalowa pa bowo la yaifupi imakaboola pulasitiki kapena kukanda motherboard. Chivundikiro sachikanula ndi mphamvu. Amalowetsa khadi lakale la kubanki m'mphepete n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono, timano tapulasitiki n'kumamasuka kamodzikamodzi. Akafika pa fani amaigwira ndi chala kuti isazungulire pamene akuipemerera mpweya, poti ikazungulira mopitirira muyezo imawonongeka. Fumbi lomatirira amalichotsa ndi mswachi wakale wouma. Pamwamba pa purosesa pamakhala phala lapadera lotchedwa thermal paste. Lakale louma lija amalipukuta ndi kansalu ka sipiriti, n'kudontheza latsopano, kadontho kamodzi kokha pakatikati, chifukwa ntchito yake ndi kungotseka timipata tosaoneka ndi maso pakati pa purosesa ndi chitsulo chochotsa kutentha. RAM amaizula, n'kupukuta timano take tagolide ndi kalabala kofufutira pensulo, n'kuibwezera mpaka imveke kuti yaluma. Akamanga zonse, papepala paja sipatsala sikuluwu ngakhale imodzi.

Palinso kanthu kena kakang'ono kamene kamazunguza anthu ambiri. Munthu amatsegula intaneti, browser n'kumukaniza webusaiti iliyonse, ikumuchenjeza kuti malowo ndi osatetezeka. Iye amaganiza kuti akuba a pa intaneti amulowerera. Mmisiri amangoyang'ana pakona ya m'munsi ya sikirini, n'kuona kuti kompyuta ikunena deti la zaka zambiri zapitazo. Pa motherboard pali kabatire kozungulira, kopyapyala, ka ma volt 3, kawirikawiri ka mtundu wa CR2032, kamene kamayendetsa wotchi kompyuta ikazima. Kakatha mphamvu wotchi imabwerera m'mbuyo, ndipo browser ikayerekeza deti lolakwikalo ndi madeti a ziphaso za chitetezo za mawebusaiti, imaona kuti sizikugwirizana n'kukana. Kabatire kameneka n'kotchipa. Mmisiri woona mtima amakasintha, n'kukonza wotchi, n'kulipiritsa mtengo wa kabatireko ndi wa ntchito yochepayo, ngakhale kuti kasitomalayo anabwera atakonzeka kutaya ndalama zambiri chifukwa cha mantha.

Magetsi ndi fulashi

Mu 2019, chilala chitaphwetsa madzi m'damu la Kariba, anthu a ku Harare ankakhala maola mpaka 18 pa tsiku opanda magetsi, ndipo chakumapeto kwa 2022 vutoli linabweranso madzi opangira magetsi atatsala pang'ono kutheratu. Magetsi ankabwera usiku anthu atagona, n'kuchoka m'mamawa kusanache. Nthawi zotere zipangizo zambiri zimapsa magetsi akamabwerera, chifukwa nthawi zina amafika mwamphamvu kapena mosakhazikika. Kompyuta yapatebulo ikazima mwadzidzidzi ili pakati posunga fayilo, fayiloyo imawonongeka, ndipo mwina Windows yeniyeniyo imakana kudzuka. N'chifukwa chake mmisiri satopa kubwereza malangizo omwewo kwa aliyense. Magetsi akazima zulani pulagi kukhoma, akabwera dikirani pang'ono. Mvula ya ziphaliwali ikayamba mu November zulani zonse, ndi router yomwe. Ngati thumba likulola, gulani chipangizo chotchedwa surge protector. Batire ya laputopu ikatupa mpaka kukankha kiyibodi kapena chivundikiro, salola kuti ibwerere kunyumba, poti batire yotere ikhoza kuyaka moto.

Vairasi nayo njira yake yaikulu ndi fulashi. Kuyambira mu 2021, pamene sukulu za ku Zimbabwe zinayamba kupatsa ana ntchito zotchedwa CALA, zimene mu 2024 zinalowedwa m'malo ndi mapulojekiti a kusukulu, ana akhala akuyenda ndi fulashi pakati pa nyumba ndi mashopu osindikizira. Fulashi imodzi imalowa m'makompyuta ambiri, n'kubwerako ndi vairasi yodziwika bwino imene imabisa mafoda onse n'kusiya ma shortcut a mayina omwewo. Mwana amafika misozi ili chuchuchu, akuti ntchito yake yonse yadyedwa. Mmisiri amadziwa kuti mafayilowo alipo, angobisidwa. Sadina shortcut ngakhale imodzi, chifukwa kudinako ndi kumene kumadzutsa vairasi. Amachotsa kaye vairasiyo, n'kutsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo, n'kulemba mzere umodzi woyamba ndi attrib, mafoda aja n'kutulukira onse.

Mapazi a pa intaneti

Ntchito yofuna mutu kwambiri imayamba kompyuta ikachira, mmisiri akatsegula browser, kaya ndi Chrome, Firefox kapena Edge. Browser imakumbukira zinthu zamitundumitundu, ndipo mmisiri amazilekanitsa chimodzichimodzi. Pali history, mndandanda wa mawebusaiti amene atsegulidwa, ndi tsiku ndi ola lake, umene umatuluka munthu akadina Ctrl ndi H. Pali cache, zithunzi ndi zidutswa za masamba zimene browser imasunga kuti isamakazitengenso pa intaneti ulendo uliwonse. Pali ma cookies, amene Lou Montulli wa kampani ya Netscape anayambitsa mu 1994, amene amachititsa kuti webusaiti ikuzindikireni mukabweranso, osakufunsaninso pasiwedi. Palinso zimene browser imadzazira yokha m'mafomu: mayina, manambala a foni, maadiresi, ndi mapasiwedi amene munaivomera kuti isunge.

Kudina Ctrl, Shift ndi Delete pamodzi kumatsegula pofufutira, ndipo aliyense angathe kuchonga mabokosi onse n'kusankha kuti zichoke za nthawi yonse. Mmisiri satero. Amadziwa kuti kufufuta ma cookies kutulutsa banja lonse m'maakaunti awo, pamene agogo amene mdzukulu anawatsegulira Facebook zaka zapitazo pasiwedi anaiwala kalekale, mwinanso nambala ya foni imene analembetsa inatayika. Choncho amafunsa kaye: "Agogo, pasiwedi ya imelo mukuikumbukira? Nambala yolandirira uthenga wotsimikizira ikadali yanu?" Akayankha kuti ayi, amayamba wakonza zimenezo akaunti ikadali yotsegula, kufufuta n'kubwera pambuyo. Cache nayonso saichotsa mwachisawawa. M'nyumba imene intaneti imachokera pa bandulo ya foni, kufufuta cache ndi kuchititsa kuti masamba onse akatengedwenso mwatsopano, ndipo zopita ndi ndalama. Amaifufuta pokhapokha ngati tsamba likuoneka losokonekera kapena malo m'kompyuta achepa.

Pali zina zimene amalimbikira kuti zichoke. Amatsegula mndandanda wa mapasiwedi osungidwa n'kumuonetsa mwini wake kuti aliyense wodziwa pasiwedi yolowera m'kompyutamo akhoza kuwawerenga onse, ndi ya kubanki yomwe. Ku Zimbabwe ndalama zimayenda pafoni chiyambireni pamene Econet inakhazikitsa EcoCash mu 2011, ndipo mabanja ambiri amadalira zimene abale amatumiza kuchokera kunja kudzera ku Mukuru ndi makampani ena. M'dziko lotere nambala yachinsinsi yolembedwa mu fayilo pa desktop ndi ngozi yeniyeni. Amachotsa ma extension amene palibe akukumbukira kuti anawaika, ndi zilolezo zimene mawebusaiti a juga ndi a mafilimu aulere anapatsidwa kuti azitumiza mauthenga, poti machenjezo abodza onena kuti kompyuta yagwidwa ndi vairasi nthawi zambiri amadzera kumeneko. Ndipo saiwala WhatsApp. Kuyambira mu 2015 munthu akhoza kutsegula WhatsApp yake pa kompyuta, ndipo akapanda kutuluka, wobwera pambuyo pake amawerenga mauthenga onse pamene akufika. Mmisiri amapempha kasitomala kuti atulutse foni, atsegule pamene palembedwa Linked devices, aone yekha makompyuta amene akadali olumikizidwa, kuphatikizapo ya kushopu kumene anakasindikiza kalata, awadule onse.

Chimene ndimamulemekezera kwambiri n'chakuti salonjeza zimene kufufuta sikungachite. Kufufuta history kuli ngati kusesa pabwalo: mapazi a pakhomo panu afafanizika, koma a mumsewu akadalipo. Kampani imene imakupatsani intaneti ikhoza kudziwa mawebusaiti amene munafikako. Webusaiti imene munalowa ili ndi kaundula wake. Ngati munalowa mu akaunti ya Google, zimene munafufuza zikhoza kukhala zitasungidwa mu akauntiyo, pa tsamba lotchedwa My Activity, ndipo ziyenera kukafufutidwa komweko. Mafayilo amene munapanga dawunilodi amakhalabe mu foda yake ngakhale mndandanda wake utachoka mu browser. Ngakhale windo la Incognito, limene Chrome inabwera nalo mu 2008 ndipo limatseguka ndi Ctrl, Shift ndi N, limangobisa zinthu kwa amene adzagwire kompyutayo pambuyo panu. Anthu ambiri ankaganiza kuti limabisa zonse, moti ku America nkhaniyi inafika kukhoti, ndipo mu 2024 kampani ya Google inavomera kufufuta zinthu mabiliyoni zimene inasonkhanitsa kwa anthu amene ankagwiritsa ntchito windo limeneli. Mmisiri wa ku Kambuzuma amaifupikitsa nkhani yonseyi m'mawu ochepa: "Izi zikubisirani kwa a m'nyumba muno okha, eni intaneti akuonanibe."

Maso aona, pakamwa patseka

Ntchito imeneyi imaika mmisiri pafupi ndi zinsinsi za anthu amene amakumana nawo kutchalitchi, kumzikiti ndi pa siteji ya kombi. History imaulula matenda amene munthu sanauze mkazi wake, ngongole, mimba ya mwana wasukulu, ntchito imene wina akufunsira mobisa kwa abwana ake. Mmisiri wabwino akamakopera mafoda amayang'ana mayina ndi kukula kwake, zithunzi osazitsegula. Ikafika nthawi yofufuta history amatembenuzira sikirini kwa mwini wake kuti adine yekha. Zimene anakopera pa hard drive yake amazichotsa kasitomala akuona, ntchito ikatha. Lamulo nalonso likunena zomwezo: mu 2021 dziko la Zimbabwe linakhazikitsa Cyber and Data Protection Act, limene linapatsa bungwe la POTRAZ udindo woteteza zinsinsi za anthu, ndipo linaika kuti kufalitsa zithunzi zamaliseche za munthu iye asanavomere ndi mlandu. Koma chimene chimatseka pakamwa pa mmisiri weniweni ndi ulemu umene ali nawo kwa amene anamukhulupirira.

Tsiku lina amafika bambo atanyamula laputopu ya mkazi wake, akufuna kuti mmisiri abwezeretse zimene zinafufutidwa, kapena aikemo pulogalamu yomuzonda. Ndalama waika kale patebulo. Mmisiri amazibweza ndi manja awiri: "Pepani bambo, imeneyo si ntchito yanga. Akabwera eni ake tidzakambirana." Tsiku lina amafika mayi amene akuzunzidwa kunyumba, amene wakhala akufufuza pa intaneti za mabungwe ngati Musasa, lomwe lakhala likuthandiza amayi ochitiridwa nkhanza ku Zimbabwe kuyambira mu 1988. Kwa mayi ameneyu kufufuta history kungapulumutse moyo. Mmisiri amadziwa kuti history yopanda kanthu pa kompyuta ya banja lonse imadzutsa mafunso, choncho amamuphunzitsa kusankha ola lomwe langothalo m'malo mwa nthawi yonse, kapena kuchotsa mizere yokhayo imene ingamuike pangozi n'kusiya ya nyimbo ndi ya maphikidwe. Amamukumbutsanso kuti ngati akaunti yake ya Google ili yotsegula pafoni ya mwamuna wake, zimene wafufuza zikhoza kuonekera kumeneko. Mabatani ndi omwewo kwa anthu awiriwa, koma mmisiri amadziwa woyenera kuthandizidwa ndi woyenera kubwezedwa.

Kwa makolo odandaula za ana, ali ndi yankho lokhalitsa kuposa kuzonda. Amatsegulira aliyense akaunti yakeyake mu Windows, ndi pasiwedi yake, kuti history, mafayilo ndi mapasiwedi zisasakanikirane. Ya ana saipatsa mphamvu yoika mapulogalamu, ndipo amalangiza kuti kompyuta izikhala pabalaza, pamene aliyense amadutsa.

Ukalamba wosaoneka ndi maso

Kompyuta ikhoza kuoneka yathanzi kunja, mapulogalamu ake atakalamba. Microsoft inasiya kutumiza zokonza za chitetezo za Windows 7 pa 14 January 2020, Chrome inasiya kuithandiza kumayambiriro kwa 2023, ndipo thandizo la nthawi zonse la Windows 10 linatha pa 14 October 2025. Malaputopu ambiri akale sakwanitsa zofunika za Windows 11. Anthu enanso amatseka okha ma update poopa kutha kwa bandulo. Kuopsa kwake kunaoneka mu May 2017, pamene vairasi ya WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a m'mayiko oposa 150, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale mu March chaka chomwecho update yotseka mpata umene vairasiyo inkalowera. Mmisiri wosamala sabweza kompyuta asanaiike pa Wi-Fi yake kuti imalize ma update, ngakhale zitafunika kuchezera usiku kudikira magetsi. Ngati ndi yakale koma yolimba, amachotsa hard drive n'kuikamo SSD, imene ilibe zozungulira m'kati ndipo imathamanga kwambiri, kapena amaikamo Linux Mint kapena Ubuntu, zimene n'zaulere ndipo zimalandirabe zokonza. Mapulogalamu obedwa amawakana chifukwa ambiri amabwera atabisa vairasi, ndipo amauza kasitomala kuti Microsoft Defender, imene ili kale mu Windows, ndi yokwanira bola izilandira ma update.

Banja likaganiza zogulitsa kompyuta, amalichenjeza kuti fayilo yofufutidwa pa hard drive kawirikawiri imakhalapobe mpaka china chitalembedwa pamalo pake, ndipo wogula wodziwa akhoza kuifukula. Amakopera zonse za banjalo, n'kutuluka m'maakaunti onse, n'kupukuta hard drive yonse ndi njira yochedwa ija imene imalemba pamwamba pa zakale.

Pobweza kompyuta nawonso pali mwambo wake. Amaiyatsa mwini wake ali pompo, n'kumupempha kuti atsegule yekha zimene zinalembedwa pakapepala paja, chimodzichimodzi, mpaka akhutire. Ngati wabwera ndi mwana, mmisiri amakokera mpando pafupi: "Bwera kuno iwe, uone pamene ndikudina." Amamuonetsa pofufutira history, potulukira mu akaunti, ndi mmene angakoperere zitupa za banja pa fulashi imene sidzapita kushopu iliyonse. Amadziwa bwino kuti mwana ameneyo akazigwira, mavuto ang'onoang'ono sadzabweranso patebulo pake, koma amaphunzitsabe.

Makompyuta a m'nyumba za ku Ndirande, Kawale, Chipata ndi Tete amakumana ndi zomwezi: fumbi, magetsi ozimazima, fulashi yoyendayenda ndi manja ambiri. Zambiri mwa zimene amisiri a ku Harare amachita tikhoza kuzichita tokha. Zitupa ndi zithunzi tizizisunga pawiri, kwina kukhale kunja kwa kompyutayo. Pa kompyuta ya eni tisavomere kuti browser isunge pasiwedi, ndipo tizituluka mu imelo ndi mu WhatsApp tisananyamuke. Laputopu tisamaiike pabulangete, poti mpweya imakokera kunsi. Ana tiwaphunzitse kufufuta history pamodzi ndi malire ake.

Komabe tsiku limene kompyuta idzakane kuyaka lidzafika, ndipo mudzaipereka m'manja mwa munthu wina ndi zonse zimene ikudziwa za banja lanu. Tsiku limenelo mudzamvetsere mafunso oyamba a mmisiri. Akadzayamba ndi mtengo wofomatira, mudzanyamule katundu wanu. Akadzakufunsani chimene simukufuna kuti chitayike, mudzakhale pansi, mudzamuyankhe bwinobwino, ndipo ntchito ikadzatha mudzamulipire mosanyinyirika, chifukwa ameneyo ndiye mmisiri.